Kabokosi ka Pansi pa Chiwongolero

Che Twaibu anabwera nayo Lachiwiri,
Sienta yoyera, yokokedwa pa chingwe
kuchokera ku Kaphatenga,
maso awo ali psuu, masiku atatu osagona.
Ati imalira yokha usiku,
hutala kungoti piii anthu ali m'tulo,
agalu a mzere wonse n'kuvomera.
Ati mawayipala amapukuta galasi louma
mu Okutobala muno, dzuwa likuswa mtengo.
Dzulo yatsekera mayi wina m'kati
ndi dengu lake la tomato,
mpaka anatulukira kubuti.
Pa siteji ayamba kale kunong'ona
kuti alipo anaiwaza mankhwala.

Sindinatsutse. Munthu wosagona satsutsidwa.
Ndinangotsegula boneti.

Batire ndi latsopano, lisiti likadali m'thumba mwawo,
koma m'mawa uliwonse limapezeka lakufa.
Ndinazimitsa zonse, kiyi ndinaika pa njerwa,
n'kulumikiza mita pa mutu wa batire.
Galimoto yogona imamwa ngati kamwanapiye.
Iyi inkachita kupapira.

Fyuzi imodziimodzi ndinazula,
Fulaye akundiwerengera manambala.
Ya wailesi, ayi.
Ya fani, ayi.
Yachisanu ndi chiwiri itatuluka
nambala inagwa ngati papaya lakupsa.

Ndinagona chagada, mutu ku mapedulo,
miyendo panja, tochi m'kamwa,
ndipo nako: kabokosi kakuda kosaposa chikhatho,
kapitawo wa zonse zosakhudza injini,
kamene kamauza chitseko kuti tseka,
nyali kuti yaka, hutala kuti khala chete.
Nditasolola pulagi, mano ake anali obiriwira,
m'ngodya muli matope ouma.

Che Twaibu, munawolokapo madzi?
Anayang'ana zala za kumapazi.
Ati Febuluwale, Lifidzi atasefukira.
Kumbuyo kunali mayi woyembekezera, matenda atayamba.
Ndikanadikira kuti aphwe?

Mwanayo akuti wayamba kukwawa.
Madzi aja ndiwo sanatsike pa chipatala,
anatsalira umu, akudya mkuwa mwakachetechete
miyezi isanu ndi itatu.

Ndinajambula nambala, kutumizira Gasteni ku Biwi.
Ndinati zifanane zilembo zonse, bwanawe,
usanditumizire chongofanana nkhope.
Kanabwera Lachisanu pa minibasi,
kokulungidwa mu nyuzipepala,
kochotsedwa mu Sienta ina yomwe inagubuduka ku Chezi.
Za eni ake sindinafunse.

Mabawuti awiri, mapulagi anayi, basi.
Ndinapotokola kiyi.
Zii.
Kankadikirabe kiyi wa mwini wake wakale.

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa,
laputopu itatsala ndi moto wa mphindi makumi awiri.
Ndinakhala pa mpando wa dalaivala, chingwe m'bowo,
kukaphunzitsa kuiwala,
kenaka kukatchulira pang'onopang'ono:
kiyi wako ndi uyu, zitseko zako ndi izi,
kuno ndi ku Salima.
Kamzere kobiriwira kankayenda ngati bilimankhwe,
Fulaye atagwira pakamwa.
Ndiye maloko onse anayi, kamodzi: khwe!

Che Twaibu anafuna kunyamuka pompo.
Ndinakana. Igone pano, tiimve usiku.
Inagona pansi pa mtengo wa nimu
ndipo mlonda akuti sinatsokomole n'komwe.

Ine ndiye sindinagone.
Kunyumba bambo anga, chiwagwirereni sitiroko,
dzanja lawo lamanja limanyamuka lokha
n'kumapukuta mpweya.
Usiku amaitana dzina la mkulu wanga
yemwe tinaika zaka zisanu zapitazo,
ine n'kuyankha, wawa.
Ndinawatembenuza, ndinawamwetsa madzi pa supuni,
ndinakhala nawo mpaka atambala,
zala zanga zikununkhabe girisi,
zikufufuza m'tsitsi lawo la imvi, kuseri kwa khutu,
ngati pali pulagi yoti n'kusolola.

Kutacha mita inawerenga bwino.
Che Twaibu analipira theka,
lina ati pakutha pa mwezi.
Ndinalemba m'kope.